Kabati Yachitatu

Inabwera pa lole, m'bokosi lamatabwa,
chaka chimene ndinakwatira.
Azungu awiri ndi Dokotala Chimbalanga
anaizungulira ngati ng'ombe yogula kumene,
nati: Makwinja, iyi si ya aliyense.
Ndi ya asidi mmodzi yekha, wolusa uja,
wosungunula dothi la ku Domasi ndi ku Thondwe
kuti tidziwe chimene chimanga chikulirira.

Pulojekiti inatha. Azungu anakwera ndege.
Dokotala tinakamuika kwawo ku Jali.
Kiyi anatsala m'thumba mwanga
zaka khumi ndi zinayi,
akulira ngwere-ngwere ndi wa loko ya njinga.

Chaka chino ana oyamba kumene adzaza labotale
mpaka ena akulembera pazenera.
Makabati awiri enawo,
ina inapsa fani, ina inasweka galasi.
Lachiwiri lija Tiyanjane anatsokomola mpaka misozi,
amoniya atamulowa pachifuwa.
Sananene kanthu.
Anangoyang'ana ine, kenako kabati yokiyayo,
ikunyezimira pakona
ngati mbale za alendo
m'nyumba imene ana akudyera pa chivundikiro.

Komatu sungangotsegula.
Asidi uja amasiya ana ake m'paipi,
timchere toyera, togona m'makwinya a chumuni,
tachetechete, tosunga mangawa.
Ukatigunda ndi sipanala
denga lonse likatera pamwamba pa phiri.
Anandiuza ndi Dokotala, kapu ya tiyi ili m'manja,
ndipo tsiku limenelo sanaseke.

Ndiye ndinayamba ndi madzi.
Madzi a Mulunguzi, ozizira mpaka m'mano,
ndinawatsegulira kumutu kwa paipi
kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.
Tinakwera padenga ndi Che Sumani wa zamakina,
apusi ali mumtengo wa mkuyu kutiyang'ana
ngati oyendera ntchito ochokera kulikulu.
Dontho la mankhwala abuluu m'madzi otsukira:
likasintha mtundu, tsukanso.
Linasintha. Tinatsukanso.
Linasintha.
Che Sumani anatukwana m'Chiyao.
Tsiku lachisanu ndi chinayi
buluu anakhala buluu.

Kenako mpweya.
Choyezera mphepo chinabwerekedwa ku Blantyre kalekale
ndipo chinakwatiwa komweko.
Ndinayatsa koyilo yothamangitsa udzudzu,
ndinaiyika pakamwa pa kabati.
Utsi unaima kaye, wowongoka, wokayika,
ngati mlendo pakhomo asanamve "lowani".
Che Sumani anadina batani.
Chinachake chinatsokomola kudenga,
chinalavula masamba ouma ndi chisa cha mavu,
ndipo utsi unawerama,
unalowa.

Chikwangwani chakale ndinachichotsa ndi sikuludiraiva.
Pa tepi ndinalemba ndi dzanja langa:
Ya tonse.
Asidi uja asadzapondenso muno.
Galasi lisakwere kupitirira mzere wofiirawu.
Mutu wako kunja, manja okha mkati.
Magetsi akathima, tseka botolo, tsitsa galasi, tuluka,
zokambirana panja.

Ena anadandaula mumsonkhano,
akuti chitsulo chodula chotere
n'kumawiritsiramo zinthu za ana?
Ndinati ngakhale suti ya ukwati
imadzapita kumaliro, kenako kumsika.
Sanalembe zimenezo m'maminitsi.

Lero Tiyanjane anali woyamba pamzere,
magolovesi aakulu kuposa manja ake.
Anathira, madzi anasanduka abuluu wa nsalu ya Mvano,
fungo silinamupeze.
Anaiwala kundiyang'ana.
Wakumbuyo kwake anali kale kumukankha ndi chigongono.

Madzulo mvula ya Zomba inatsika phiri osagogoda.
Ndinapachika kiyi pa msomali, pafupi ndi chozimira moto,
pamene aliyense angafike.
Ndili pa njinga, ndisanakhote kulowera ku Matawale,
ndinacheuka kuona chumuni.
Panalibe chooneka.
Thumba lakumanja lokha
ndi limene linkandivuta kupepuka kwake,
ndipo ndinalisisita kawiri ndisanafike pa mlatho.